Funsani Azamba: Kodi madzi ati amene ali mankhwala?

Makalata ambiri a mwezi uno abwera ndi nkhani ya madzi, ngati munachita kupangana. Kapena n'chifukwa chakuti zitsime zatsika, dzuwa likuswa mtengo, ndipo kuno ku Santhe aliyense maso ali kumwamba kudikira chizimalupsa. Ndasankhapo asanu. Kwa inu amene mwangoyamba kuwerenga tsamba lino, ine ndine namwino ndi mzamba wopuma pantchito, ndipo ndagwira m'zipatala zing'onozing'ono za ku Kasungu ndi Mchinji kuyambira utsikana mpaka imvi. Anandilera ndi agogo anga akuchikazi, amene ankasiyanitsa madzi monga timasiyanitsira mitundu ya nyemba: oyenda, ogona, a padenga, a m'kasupe, ndi mame. Mtundu uliwonse unali ndi ntchito yake.

Amayi anga adutsa zaka 70 ndipo mawondo akuwapweteka moti kumunda anasiya. Anzanga akuti ndipite nawo ku Mawira ku Nkhotakota akasambe madzi otentha aja, pobwerera titunge m'zigubu kuti azimwa kunyumba. Ndagulitsa soya, ndalama ya ulendo ilipo. Kodi n'zoona, kapena ndingotaya ndalama? — Bambo wa ku Chamama

Bambo, ndikuthokozeni kaye kuti ndalama ya soya mwaiganizira pa mawondo a amayi anu. Funso lanu lili pawiri, kusamba ndi kumwa, ndipo mayankho ake sali amodzi.

Ku Mawirako ndinafikako ndi apongozi anga, mwezi wa Juni, kudzera msewu uja wodutsa m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota. Tinafika m'mamawa kukuzizira, nthunzi ili tolotolo pamwamba pa madzi, amayi a kumeneko atayamba kale kuchapa. Apongozi anasankha m'mbali momwe madzi apolako, anakwinya chitenje mpaka pamwamba pa mawondo n'kuviika miyendo. Anakhala duu nthawi yaitali. Kenako anadzuka okha osagwira ndodo, chinthu chimene anali asanachite chaka chonsecho, ndipo usiku umenewo anagona tulo tofa nato. Ndinaona ndi maso angawa, choncho sindinganene kuti anthu amanama. Koma ndinaonanso kuti titabwerera kuno, sabata isanathe ndodo ija anaitolanso.

Madziwo amatentha chifukwa nyanja yathu ili m'chigwa chimene nthaka inang'ambika kalekale. Mvula imalowa m'ming'aluyo, kutsika pansi kwambiri kumene miyala ndi yotentha, n'kubwereranso kumtunda isanazizire. N'chifukwa chake akasupe otentha amatsata chigwacho: ku Chiweta m'boma la Rumphi, ku Nkhotakota, mpaka ku Liwonde. Si ife tokha amene tinawakhulupirira. Zaka pafupifupi 2,000 zapitazo Aroma atafika ku England anapeza kasupe wotentha madigiri 46 pamalo pamene lero pali mzinda wa Bath. Anamangapo malo osambira akuluakulu ndi kachisi wa mulungu wawo wamkazi, Sulis Minerva, ndipo anthu ankaponya ndalama zachitsulo m'kasupemo popempha thandizo. Iwo ankati ndi mulunguyo akuchiza. Chimene chinkagwira ntchito ndi kutentha: kumafewetsa minofu youma, magazi amayenda bwino pamalopo, ululu umazilala, ndiponso munthu akakhala m'madzi thupi limapepuka, mawondo n'kupumako. Koma mafuta a m'bondo amene anaperepeseka ndi zaka 70 za khasu ndi ndowa sameranso ndi madzi.

Za kumwa ndiye ndikukanizani ndithu. Madzi amene akhala nthawi yaitali m'miyala yotentha amasungunula mchere wina wotchedwa fuloraidi, womwe uja amaika pang'ono m'mankhwala otsukira mano. Wochepa amalimbitsa mano. Ukapitirira mamiligalamu 1.5 pa lita, umene ndi mlingo wa bungwe la WHO, mano a ana amamera ndi mawanga ofiirira osachoka, ndipo munthu akamwa zaka zambiri mafupa amakhuthala, mfundo za thupi n'kuuma. Akasupe otentha a m'chigwa chathu ambiri ali nawo wochuluka. Ndiye mungafune kuchiza mawondo ndi chinthu choumitsa mawondo? Kuwiritsa sikuuchotsa, WaterGuard sauchotsa. Ndipo m'nyumba mukakhala chigubu, adzukulu samwa n'komwe?

Maganizo akuti madzi ochiza kunja achizanso m'kati anapwetekapo anthu. Ku America m'zaka za m'ma 1920, atamva kuti akasupe ena otentha ali ndi mphamvu yochokera ku mwala wa radium, amalonda anayamba kugulitsa madzi a radium m'timabotolo totchedwa Radithor. Munthu wina wachuma, Eben Byers, anamwa timabotolo toposa 1,000. Nsagwada zake zinayoyoka ndipo anamwalira mu 1932. Sindikunena kuti za ku Mawira n'zotero ayi, ndikungoti si madzi onse okoma pakhungu amene akoma m'mimba.

Ngati ndalama ilipodi, pitani nawo, akaone nyanja, akaviike miyendo, mtima wawo ukondwe. Koma Mawira a tsiku ndi tsiku ali pa mafuwa anu. Makolo ankathowa: madzi ofunda m'beseni, kansalu kokhuthala, kufinya, kukanikiza pabondo mpaka kazizire, m'mawa ndi madzulo. Yesani madziwo ndi chigongono chanu musanawaike, makamaka ngati amayi ali ndi matenda a shuga, chifukwa mapazi a odwala shuga samva kutentha, amapsa osadziwa. Asasiye kuyenda pang'onopang'ono pabwalo. Bondo likatupa, n'kutentha, thupi lonse n'kutenthanso, pamenepo osathowa, thamangirani kuchipatala.

Agogo anga ankati madzi a mvula ndi mankhwala a maso, koma mvula yoyamba imadwalitsa, ndipo madzi a kudambo amatupitsa kapamba. Ophunzira anga a Sitandade 7 anandifunsa ngati zimenezi zili zoona, ine ndinasowa chonena. — Mphunzitsi wa ku Kapiri, Mchinji

Aphunzitsi, kauzeni anawo kuti agogo anu anali ndi mnzawo ku Greece. Zaka pafupifupi 2,400 zapitazo kunali sing'anga Hippocrates wa pa chilumba cha Kos, ndipo m'zolemba zimene zimadziwika ndi dzina lake muli nkhani ya madzi. Madzi a mvula anawayamikira kuti ndi opepuka ndi okoma kuposa onse, popeza dzuwa limakoka okhawo osalala, koma anati sachedwa kununkha ndipo ayenera kuwiritsidwa. Za madzi ogona a m'zithaphwi anati anthu owamwa amakhala ndi kapamba wamkulu wolimba, matupi owonda, ndi malungo osatha. Agogo anga sanapite kusukulu ngakhale tsiku limodzi, koma ankanena zomwezo liwu ndi liwu, akutikaniza kumwa padambo pobwera kotola nkhuni.

Onsewa anaona bwino. Anthu a m'mbali mwa dambo amatupadi kapamba. Ndagwira ndi dzanja langa mimba za ana a m'mbali mwa Bua ndi Rusa, kapamba ali gwa pansi pa nthiti zakumanzere. Chimene sanathe kuona ndi wolakwa weniweni. Ataliyana ankati ndi mpweya woipa wa m'madambo, ndipo dzina lachizungu la malungo linachokera pamenepo. Mpaka mu 1880 ndi pamene dokotala wachifalansa, Alphonse Laveran, anaona kachilomboko m'magazi a wodwala ku Algeria, ndipo mu 1897 Ronald Ross ku India anakapeza m'mimba mwa udzudzu. Madzi a padambo anali chabe chisa cha udzudzuwo. Palinso likodzo, limene tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi odikha n'kuboola khungu la mwana amene akusambira kapena kuwedza. Ilo silidikira kuti umwe.

Za mvula yoyamba ananenanso zoona. Denga la malata lakhala miyezi isanu ndi umodzi likulandira fumbi, zitosi za mbalame ndi za abuluzi. Pansi napo, zonse zimene anthu ndi ziweto anasiya patchire m'chilimwe zimakokolokera m'zitsime zosaphimba. Chaka chilichonse, mvula ikangogwa kawiri katatu, benchi yathu ya odwala m'mimba inkadzaza. Mvula yoyamba ilekeni itsuke denga, mgolo muutchere pambuyo, muuvundikire.

Za maso ndiye zimandikhudza. Ndikukumbukira agogo akutidzutsa kusanache, kutitengera kuseri kwa nyumba kumene kunali nthochi. Ankapendeketsa tsamba, mame n'kutsikira m'chikhatho, n'kutipukuta manthongo ndi chala chachikulu, mmodzimmodzi, ife tikunjenjemera ndi kuzizira. Iwo ankati mphamvu ili m'mamemo chifukwa sanakhudze nthaka. Ine lero ndikuti mphamvu inali m'kusukusulako. Maboma athu awiriwa, Mchinji ndi Kasungu, anali m'gulu la maboma ovutika ndi trakoma, matenda aja amene ntchentche zimanyamula kuchokera m'manthongo a mwana uyu kupita kwa uyo, mpaka munthu atakula zikope zimapindikira m'kati, nsidze n'kumakanda diso kufikira khungu. Mu 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti Malawi wathetsa trakoma ngati vuto la dziko, woyamba kumwera kwa Africa kuno. Zinatheka ndi mankhwala amene ankagawidwa m'midzi, maopaleshoni a zikope, zimbudzi, ndi kusukusula ana kumaso tsiku ndi tsiku. Madzi ake anali wamba, a pamjigo. Chokhacho chimene ndingawakonze agogo anga n'chakuti chala chimodzi, kapena kansalu kamodzi, kasayende pa nkhope za ana onse. Ndipo m'kati mwa diso musadonthezemo kanthu kosachokera kuchipatala.

Mjigo wathu umatulutsa madzi onunkha chitsulo, akagona m'ndowa amafiira. Ena akuti amawonjezera magazi, ena abwerera kuchitsime cha kudambo poti madzi ake ndi okoma. — Mayi wa kwa Chulu

Mayi, nthaka ya kwanuko ili ndi chitsulo. Si paja makolo ankasungunula makasu m'ng'anjo zimene zotsalira zake zikuonekabe kwa Chulu ndi m'nkhalango ya Kasungu? Nthawi zina dzimbiri limachokera ku mapaipi a mjigowo, choncho akomiti aitane amisiri aone. Azungu nawo ankakhulupirira zomwezo: ku Tunbridge Wells ku England kasupe wofiira anapezeka mu 1606, ndipo olemera ankapitako kukamwa kuti magazi achuluke. Chitsulo chake n'chochepa kwambiri, sichingachize mayi woyembekezera amene zikhatho zayera. Iye afunika mapiritsi a kusikelo, nyemba, bonongwe, usipa ndi chiwindi. Kufiira kwa chakumwa si magazi, kaya ndi madzi a mjigo, kaya a masamba a mapeyala.

Koma kuchitsimeko musabwerere. Madzi ofiirawo asiyeni adikhe usiku, museferetu pansalu yoyera. Mu 1854 ku London kolera inapha anthu mazanamazana pafupi ndi mpope wa mumsewu wa Broad Street, umene anthu ankaukonda chifukwa cha kukoma kwa madzi ake. Mayi wina wamasiye amene anali atasamukira kutali ankachita kuwatumitsa m'botolo, ndipo anafa nayo kolerayo kumene kunalibe mliri. Dokotala John Snow ndi amene analondola imfazo mpaka pampopewo. Lilime silimva kachilombo.

Mwana wanga wa miyezi 9 watsekula m'mimba masiku awiri ndipo liwombo lalowa. Apongozi amumata mankhwala pamutu ndipo akumumwetsa madzi oviikamo mizu. Akuti ndisamupatse Thanzi chifukwa madzi ambiri awonjezera kutsekulako. Ndikuopa kuwayankha. — Mayi wachitsikana wa ku Kamwendo

Mwanangu, kalata yako ndinaiyankha tsiku lomwe inafika, koma ndikuibwereza pano chifukwa cha anzako ena. Mwana wotere apite kuchipatala lero, ndipo panjira azimwa Thanzi ndi kuyamwa.

Apongozi ako aona chinthu choona: liwombo likalowa, mwana ali pangozi. Makolo anadziwa zimenezi kalekale, n'chifukwa chake ankachita nalo mantha. Koma liwombo si nthenda ya pamutu. Ndi zenera limene limationetsa kuti madzi m'thupi atha, monga chitsime chimatsikira mu Okutobala. Yang'ananso maso ngati alowa, ngati akulira popanda misozi, ngati thewera lakhala louma nthawi yaitali. Tsina khungu la pamimba: likachedwa kubwerera, wauma.

Usiku wina wa dzinja, ndikugwira pachipatala china chakumudzi, kunabwera agogo atabereka mdzukulu, mayi wake akutsatira m'mbuyo akulira. Pamutu pa mwana panali phala lakuda louma, maso ali pamwamba, mlomo uli gwa. Magetsi kunalibe, tinayatsa nyali. Ndinasungunula paketi m'jagi, koma m'malo momwetsa ndekha ndinapereka kapu ndi supuni kwa agogowo, n'kuwauza kuti supuni imodzi, tiwerenge pang'ono, inanso. Mwana anasanza. Tinadikira mphindi khumi, tinayambiranso. Mankhwala a pamutu aja sindinawachotse, sindinawanene n'komwe. Tambala woyamba akulira, mwana anakodzera agogo ake pachitenje n'kuyamba kufunafuna bere. Agogowo anaika chala paliwombo, anakhala chete, kenako anandiyang'ana n'kuti, "Kani linali ludzu?"

Mwa madzi onse amene anthu anawatchapo mankhwala, awa a mchere ndi shuga ndi amene apulumutsa miyoyo yochuluka. Mu 1971, pa nkhondo ya ku Bangladesh, kolera inabuka mumsasa wa othawa kwawo ku Bangaon m'dziko la India, madiripi n'kutha. Dokotala Dilip Mahalanabis anasungunula mchere ndi shuga m'migolo n'kuuza abale a odwala kuti azimwetsa okha ndi makapu. Pa odwala 100 ankafa pafupifupi 30. Chiwerengero chinatsika kufika pa osakwana 4. Chinsinsi chake n'chakuti matumbo, ngakhale akutsekula, amayamwabe shuga, ndipo shugayo polowa amakoka mchere, madzi n'kutsatira. Madzi okha sangachite zimenezi, a mizu sangachitenso, ndipo ngati anatungidwa pachitsime osawiritsa akuwonjezera tizilombo pa tizilombo. Kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inayambira ku Machinga, inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo chimene chimapha pa kolera ndi kuuma komweku.

Paketi imodzi ya Thanzi ndi ya lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini, osachepetsa madziwo. Paketi ikasowa usiku, pa lita imodzi thira masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Ulawe, asawawe kuposa misozi. Kuchipatala akakupatsanso zinki wa masiku 10 kapena kuposerapo, umalize. Liwombo likatupa m'malo molowa, mwana n'kutentha thupi, imeneyo ndi ngozi ina, ya matenda oumitsa khosi, osagona nayo.

Apongozi usalimbane nawo, nawonso akumufuna mwanayo wamoyo. Gwada, uwauze kuti, "Amayi, tiperekezeni kusikelo, mukamve nokha." Bambo wa mwana alankhule ndi amayi ake, si ntchito yako wekha. Ndipo kapu ndi supuni uwapatse iwowo.

Amuna anga akhala pa ma ARV zaka zisanu ali bwinobwino. Mwezi watha anagula botolo la madzi opempherera kwa mlaliki wina, amene anawauza kuti achira ndipo kumwa mapiritsi n'kusakhulupirira. Asiya kumwa. Nditani? — Mayi wa ku Mtunthama

Mayi, ine ndine wa Chigwirizano, yunifolomu yanga ili m'sutikesi yosita, choncho sindikuyankhani ngati munthu wonyoza pemphero. Madzi ndi chikhulupiriro zayendera limodzi kuyambira kale. Namani anamira kasanu ndi kawiri mu Yorodano, wakhungu uja anakasamba ku Siloamu, abale athu achisilamu amabwera ndi madzi a Zamzam kuchokera ku Makka, ndipo Akatolika akhala akupita ku kasupe wa ku Lourdes ku France kuyambira 1858. Koma tsegulani 2 Mafumu 5 muwerenge mpaka kumapeto pamodzi ndi bambowo. Namani atachira anatulutsa mphatso, Elisa anakana kwamtuwagalu. Amene anathamangira siliva ndi zovala anali Gehazi, ndipo mukudziwa chimene chinamugwera.

Dziko lathu laonapo zotere. M'zaka za m'ma 1930 kunabuka mchape, mankhwala amadzi ofiirira amene anachokera cha ku Mulanje n'kufalikira mpaka ku Zambia, akuti otsuka ufiti m'midzi. Mu 1995 dzina lomwelo linamvekanso pamudzi wa Chikamana ku Machinga, kumene Billy Goodson Chisupe ankamwetsa anthu madzi oviikamo makungwa, ndipo anthu zikwi mazanamazana anakhamukirako pofuna kuchira ku Edzi. Ndikukumbukira malole odzaza akunyamuka pa Kasungu usiku, anthu atafunda zitenje, ena atagonekedwa pamatilesi. Sindiweruza ndi mmodzi yemwe mwa iwo. Nthawi imeneyo ife a kuchipatala tinalibe chowapatsa, tinkangowapukuta thukuta ndi kuwatembenuza pabedi. Ma ARV aulere anayamba mu 2004, ndipo ndi pamene ndinayamba kuona anthu amene tinawataya mtima akubwera okha panjinga kudzatenga mankhwala, ena mpaka lero akulima fodya ndi kulera zidzukulu. Ine ndinkapempherera tsiku limenelo zaka zambiri, ndipo sindiona mapiritsiwo ngati mdani wa pemphero langa.

Kachilomboka mankhwala amakagoneka, sakachotsa. Munthu akasiya, pa masabata ochepa kamadzuka n'kuyamba kuswana, iye akudzimva wamphamvu, ndipo kusiyasiya kumakaphunzitsa kupirira mankhwalawo. Mwezi umodzi sikuchedwa, koma musadikire kuti ayambe kutsokomola. Musawakalipire, ndipo botololo musalitaye mobisa, mungoyambitsa nkhondo m'nyumba. Ngati madziwo ndi oyera, apempheni amwere piritsi lawo madzi omwewo. Itanani ankhoswe, kapena mkulu wa mpingo amene bambowo amamumvera, akhale nawo pansi. Kenako sabata ino pitani nonse awiri kukliniki, akanene zoona kuti anadukiza masiku angati, kuti awaone bwino ndi kuwayeza magazi. Si oyamba kubwerera, anamwino awaonapo ambiri. Ngati akuchita manyazi ndi mzere wa pachipatala cha kwanuko, kwerani nawo minibasi mupite chipatala china, ndipo kabuku kawo ka kuchipatala musakaiwale.